Kuima panokha pa ukhansala ku Chipata: yambani ndi kuwerenga mitima ya ovota

Pa masankho aakulu a ku Zambia munthu amalandira mapepala anayi: la pulezidenti, la phungu wa Nyumba ya Malamulo, la meya kapena wapampando wa khonsolo, ndi la khansala. Dzanja lochonga ndi limodzi, koma mtima suyenda njira imodzi pa mapepala onsewo. Pa la pulezidenti ambiri amangofuna chizindikiro cha chipani. Akamatsika, chipani chimanka chipepuka, munthu n'kumalemera. Pofika pa pepala la khansala, mayi wa ku komboni ya Mchini amakhala akukumbuka amene anadzagona nawo pamaliro, amene anathamangathamanga mjigo utafa, amene amayankha foni ngakhale usiku. Mpata wa woima payekha uli pamenepa. Ndi weniweni, koma ndi wopapatiza, ndipo ambiri amalephera chifukwa chothamangira kulipira ndalama yolembetsera asanayeze kukula kwa mpatawo.

Kuti ndi weniweni zinaoneka pa 12 Ogasiti 2021. Anthu a mzinda wa Chipata anasankha George Mwanza, wachinyamata wopanda chipani, kukhala meya. Ku Luangeni anasankha Moses Moyo, nayenso woima payekha, amene pambuyo pake anakhala wachiwiri kwa wachiwiri kwa sipikala. Nyimba, Petauke Central ndi Lumezi nazo zinatumiza aphungu oima paokha. Kuti ndi wopapatiza zikuoneka pa chiwerengero cha dziko lonse: pa mipando 156 ya aphungu, oima paokha anatenga 14 mu 2016 ndi 13 mu 2021. Ndipo chigawo chathu cha Kum'mawa chikagwira chipani chimagwira zolimba. Mu 1991, dziko lonse litatembenukira ku chipani cha MMD, mipando yonse 19 ya kuno inatsalira chipani cha UNIP. Anthu ake ndi omwewa, otha kukakamira chipani komanso otha kuchisiya pakhomo n'kusankha munthu. Ntchito yanu yoyamba ndi kudziwa kuti mu wodi yanu akupendekera kuti.

Chifukwa chake anthu amavota suti

Mawu akuti kuvota suti mumawadziwa: jekete ndi buluku za nsalu imodzi, kutanthauza kuchonga chipani chimodzi pa mapepala onse anayi. Musawayese osaganiza anthu ovota chotere. Ali ndi zifukwa, ndipo amene sanazimvetse sangawatembenuze.

Chizindikiro cha chipani ndi chakale m'maso mwawo. Agogo osadziwa kuwerenga amazindikira dzanja la UPND, boti la PF ndi wotchi ya MMD ali patali. Chanu adzachiona koyamba miyezi itatu yokha tsiku lovota lisanafike. Chipani chilinso ndi miyendo m'mudzi uliwonse: tcheyamani wa nthambi, amayi a chigwirizano chawo, anyamata awo, anthu amene amalankhula za chipani pamaliro ndi pachigayo popanda wowatuma. Palinso mantha otaya voti. Munthu safuna kuchonga amene aliyense akuti sapita patali, ngakhale akumukonda.

Koma chifukwa cholemera kuposa zonse n'chakuti anthu amakhulupirira kuti chitukuko chimayenda ndi chipani, makamaka cholamula. Khansala wopanda chipani amamuona ngati mwana wamasiye pa nthawi yogawa ndiwo. Ichi ndicho muyenera kukonzekera kuyankha tsiku lililonse la kampeni, ndipo tichibwerera m'munsimu.

Nanga jekete amalivula liti? Kawirikawiri ndi pa adoption, nthawi imene chipani chimasankha munthu woti chimuimike. Chipani chikasiya munthu amene nthambi zinamufuna n'kubweretsa wina wochokera kutali, kapena wodziwika ndi akuluakulu okha, mkwiyo umayamba m'kati mwa chipani momwemo. Ambiri mwa oima paokha amene amapambana ndi anthu otere, okanidwa ndi akumwamba koma ogwiridwa ndi apansi. Amalivulanso khansala wakale akasowa zaka zisanu n'kudzaonekera kampeni itayamba. Ngati mu wodi yanu chipani champhamvu chasankha munthu wokondedwa, wokhala pomwepo, wopezeka pamavuto, lingalirani kawiri. Kudikira zaka zisanu mukugwira ntchito mu komiti ya chitukuko si manyazi.

Yezani wodi ndi manambala musanauze aliyense

Pezani zotsatira za masankho awiri apitawa, osati za wodi yonse pamodzi koma za malo ovotera amodziamodzi. Bungwe la Electoral Commission of Zambia limasunga zotsatira, ndipo anthu amene anakhalapo ma ajenti a zipani, oziimira pa malo ovotera, nthawi zambiri amakhala ndi mapepala awo akale m'nyumba. Pa malo aliwonse lembani manambala awiri moyandikana: mavoti amene pulezidenti wa chipani champhamvu anapeza, ndi mavoti amene khansala wa chipani chomwecho anapeza.

Tiyerekeze kuti pa sukulu ina pulezidenti wa chipanicho anapeza 420, khansala wake n'kupeza 290. Anthu 130 anavula jekete. Amenewo ndiwo munda wanu woyamba, chifukwa anaonetsa kale kuti amatha kusiyanitsa mapepala. Pa sukulu ina mupeza 380 ndi 371. Pamenepo suti ndi yothina, ndipo kuthirapo ndalama zambiri n'kutungira madzi m'dengu. Mukaona kuti pafupifupi malo onse kusiyana sikufika munthu mmodzi pa anthu khumi, wodi imeneyo ndi ya chipani, pokhapokha adoption itasokonekera. Yang'ananinso mavoti okanidwa pa pepala la khansala. Akachuluka, ndiye kuti anthu a pamenepo amavutika ndi kachongedwe, ndipo mudzafunika nthawi yambiri yowaphunzitsa.

Kenaka pezani nambala yanu yopambanira. Lamulo la theka ndi voti imodzi ndi la pulezidenti yekha. Khansala, meya ndi phungu wa dera amapambana ndi mavoti ochuluka kuposa anzake, ngakhale atasiyana ndi imodzi. Tiyerekezenso wodi ya olembetsa 6,000. Si onse adzabwera: m'dziko lonse anavota pafupifupi 56 pa 100 alionse mu 2016, ndi pafupifupi 70 mu 2021, ndipo pa masankho obwereza amabwera ochepa kwambiri. Mukatenga 60 pa 100, mavoti ndi 3,600. Opikisana akakhala asanu, awiri a iwo amphamvu, wopambana angafunike pakati pa 1,300 ndi 1,500. Gawani nambalayo pa malo ovotera onse molingana ndi kusiyana kuja munapeza. Tsopano muli ndi chinthu chogwirika: pa sukulu yakuti ndikufuna 180, pa tchalitchi chakuti 95.

Chotsatira ndi kumva maganizo a anthu, ndipo apa ndi pamene ambiri amadzinyenga. Musafunse nokha. Anthu a kuno ndi aulemu. Mukafika pakhomo adzakupatsani mpando, adzakuuzani kuti "tili pambuyo panu, abambo", ndipo madzulo adzanena zomwezo kwa mnzanu. Tumani anthu atatu kapena anayi osadziwika kuti ndi anu, wina wamkazi wopita kumjigo, wina wa njinga zonyamula anthu, wina wa pamsika. Asafunse kuti mudzavotera ndani. Afunse kuti mlatho ukakokoloka kuno mumathamangira kwa ndani, khansala amene alipoyu munamuona liti komaliza, munthu amene chipani chikufuna kuimika mukumudziwa. Dzina lanu likamatuluka lokha pa funso loyamba, muli ndi poyambira. Likapanda kutuluka ngakhale m'mudzi woyandikana ndi kwanu, zikwangwani sizidzalitulutsa.

Gulani makope, limodzi pa malo ovotera alionse. Lembani mayina a anthu olembetsa amene munthu wanu wa m'mudzimo akutsimikiza kuti ndi anu, osati amene anaomba m'manja pamsonkhano. Mukawerenga, dulani theka. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Theka lotsalalo likayandikira nambala yopambanira ija, pitirizani.

Mapepala: pamene ambiri amagwera asanayambe

Chipani chimakhala ndi mlembi wokumbutsa anthu ake za mapepala. Inu mulibe. Malamulo a dziko monga anakonzedwera mu 2016 amati wofuna ukhansala akhale wa zaka 19 kapena kuposa, wokhala m'boma lomwelo, wokhala ndi satifiketi ya Grade 12 kapena yofanana nayo, ndipo ngati amayenera kulipira misonkho ya khonsolo akhale ndi kalata yosonyeza kuti alibe ngongole. Malamulo a masankho amakonzedwa nthawi ndi nthawi, choncho pitani msanga kwa Town Clerk kapena Council Secretary, amene amakhala woyang'anira masankho m'boma, mukatenge mndandanda wa chaka chimenecho. Musadalire zomwe anachita mnzanu zaka zisanu zapitazo.

Satifiketi iyenera kutsimikizidwa ndi Examinations Council of Zambia. Mabungwe awiriwa, la mayeso ndi la masankho, onse amafupikitsidwa kuti ECZ, ndipo anthu amasokonezeka n'kupita kolakwika. Chitani zimenezi miyezi ingapo nthawi isanakwane, chifukwa masiku omaliza mzere umatalika. Yang'anani kuti dzina la pa satifiketi, la pa reji (chitupa cha unzika) ndi la pa khadi lovotera likhale limodzi. Mayi amene anasintha dzina atakwatiwa, kapena bambo amene kusukulu ankalembedwa dzina la amalume ake, akonze msanga kalata yolumbira yofotokoza kusiyanako.

Ngati ndinu mphunzitsi, namwino kapena wantchito wina wa boma, lamulo limafuna kuti musiye ntchito musanapikisane. Werengani bwino za banja lanu musanalembe kalatayo, pakuti mukagonja ntchito sibwerera yokha. Ngati munali m'chipani, tulukani ndi kalata, ndipo sungani kope losainidwa ndi amene analandira, lokhala ndi deti. Pa mpando wa phungu malamulo a 2016 ananena poyera kuti woima payekha akhale atachoka m'chipani miyezi iwiri masankho asanachitike. Ngakhale pa ukhansala, kalata imeneyi imatseka pakamwa amene angadzanene kuti mukadali wawo.

Tsiku lopereka mapepala mumafunika ovota 9 olembetsa mu wodi yomweyo oti akuvomerezeni, aliyense ali ndi reji yake yobiriwira ndi khadi lake lovotera. Wofuna umeya amafunika 15. Musatenge 9 ndendende. Tengani 14 kapena 15, ndipo dzulo lake muone makadi awo ndi maso anu. Chimene chimachitika n'chakuti mmodzi, munthu wokhulupirika ndithu, amatulutsa khadi pamaso pa returning officer, mkulu wolandira mapepala ndi kulengeza zotsatira, n'kupezeka kuti analembetsa ku sukulu ya tsidya la mtsinje, imene ili mu wodi ina. Wina waiwala reji m'jekete lina. Nthawi yolandira mapepala ikatha, yatha. Ndalama yolembetsera sibwezedwa, ndipo mu 2021 inali yotsikirako kwa amayi, achinyamata ndi olumala, choncho funsani gulu limene muli.

Chizindikiro chanu

Pa pepala lovotera pamakhala dzina lanu, chithunzi chanu ndi chizindikiro chimene bungwe la masankho lavomereza. Sankhani chinthu chimene chili ndi dzina limodzi lodziwika m'Chinyanja, chimene mwana angachitchule atangochiona, ndipo chosafanana ndi cha wina aliyense pa pepalalo. Chinthu chimene ena angati ndi mphika, ena ndowa, ena ng'oma, chidzakudyerani mavoti.

Chithunzi cha pa zikwangwani chikhale chomwecho chimene mwapereka kuti chiikidwe pa pepala lovotera. Musavale chipewa pa china n'kuvula pa china. Ndipo ngati kwanu amakudziwani ndi dzina la mwana wanu kapena la bizinesi yanu, phunzitsani anthu dzina la pa reji kuyambira tsiku loyamba.

Jambulani pepala lofanizira lalikulu, la mizere monga momwe opikisana adzandandalikidwire, ndipo pamsonkhano uliwonse, ngakhale wa anthu khumi pansi pa mtengo wa mango, itanani agogo mmodzi adzachonge ndi dzanja lawo. Mudzaona zambiri: ena amachonga pa nkhope, ena amalemba X wamkulu wodutsa mizere iwiri, ena amachonga inu n'kuchonganso wa chipani chawo poganiza kuti onse awiri apindula. Pepala lochongedwa pawiri limakanidwa. Auzeni momveka kuti mapepala ndi anayi, lililonse lili ndi bokosi lake, ndipo zimene achonga pa limodzi sizimanga dzanja lawo pa linzake. Anthu ambiri ovota suti sadziwa n'komwe kuti kusakaniza n'kololedwa. Ena anauzidwa kuti voti yosakaniza imaonongeka. Kuchotsa bodza limeneli ndi theka la kampeni ya woima payekha.

Mafunso amene adzakufunsani

Loyamba ndi lija la chitukuko: popanda chipani mudzatibweretsera chiyani? Musayankhe ndi malonjezo. Yankhani ndi njira imene ndalama imayendamo, chifukwa njirayo ilipo ndipo siifunsa khadi la chipani. Thumba la boma la chitukuko cha madera, lotchedwa CDF, linali K1.6 miliyoni pa dera la phungu lililonse, linakwera kufika K25.7 miliyoni mu 2022, K28.3 miliyoni mu 2023, K30.6 miliyoni mu 2024 ndi K36.1 miliyoni mu 2025. Dera lililonse limalandira mofanana, kaya phungu wake ndi wa chipani cholamula, chotsutsa kapena alibe chipani. Pempho la mjigo, chipinda cha sukulu, kalavati kapena nyumba ya amayi oyembekezera limayambira m'midzi ndi m'makomboni, limadutsa ku Ward Development Committee, komiti ya chitukuko ya wodi imene khansala amakhalamo, kenaka limapita ku komiti ya CDF ya dera, ndipo khonsolo ndiyo imagwira ntchitoyo. M'thumba lomwelo muli ndalama zolipirira ana a sekondale yogonera komweko, za maphunziro a ntchito zamanja, ndi zothandizira magulu a amayi ndi achinyamata.

Wodi zambiri zimatsalira osati chifukwa cha chipani koma chifukwa mapempho amalembedwa mochedwa, kapena kalabu ya amayi ilibe satifiketi yolembetsera ndi akaunti ya kubanki. Khansala wodziwa kudzaza mafomu ndi kulondola fayilo ku maofesi a khonsolo amaposa wovala nsalu ya chipani amene sadziwa tsiku lotsekera. Onetsani zimenezi kampeni isanayambe. Thandizani magulu awiri kapena atatu kulembetsa, khalani nawo pansi polemba pempho. Amayi a gulu limodzi lotere akalankhula kumjigo amamveka kuposa chimkuzamawu cha pagalimoto.

Nenaninso zoona pa zimene khansala sangathe. Feteleza wotsika mtengo wa pulogalamu ya FISP ali m'manja mwa unduna wa zaulimi. Mtengo wa chimanga wa FRA, bungwe la boma logula mbewu, suikidwa ku khonsolo. Great East Road si msewu wa khonsolo. Za khonsolo ndi misika monga wa Kapata, zinyalala, ngalande, malo okwerera mabasi, ziphaso za malonda, misewu ya m'makomboni ndi ina ya kumidzi. Wolonjeza feteleza amaomberedwa m'manja lero, koma mphunzitsi wopuma amene wakhala kumbuyo adzamuvula madzulo pabwalo la nsolo. Ndi bwinonso kuvomereza kuti m'khonsolo voti yanu ndi imodzi, ndipo mudzafunika kugwirizana ndi makhansala a zipani komanso mafumu oimira anzawo, amene malamulo a 2016 anawapatsa mipando yosapitirira itatu. Anthu amakhulupirira munthu wodziwa malire ake.

Funso lachiwiri ndi lovuta koposa: nanga pa pulezidenti muli kuti? Lidzabwera pamsonkhano woyamba, ndipo wofunsayo nthawi zambiri amakhala wotumidwa. Pali njira ziwiri. Ngati manambala anu aonetsa kuti pafupifupi wodi yonse ili kumbali imodzi, ndipo inu munachokera komweko, anthu akudziwa kale, kubisa kungakuonetseni wachinyengo. Koma ngati wodi ndi yogawanika, kutchula dzina kumakudulirani theka la munda. Yankho limene limagwira ndi lakuti pepala la pamwamba ndi lanu, chongani amene mtima wanu ukufuna, ine ndikupempha la pansi. Mukasankha yankho, likhale lomwelo ku Kapata ndi kumudzi, masana ndi usiku, kwa inu ndi kwa anthu anu onse. Chimene chimapha oima paokha ndi kunena china uku, china uko. Anthu amakwatirana pakati pa midzi, nkhani imafika tsiku lomwelo. Musagwiritsenso ntchito nsalu, nyimbo kapena chizindikiro cha chipani chilichonse. Eni ake adzakadandaula ku komiti yothetsa mikangano ya masankho ya m'boma, ndipo mudzataya masiku mukuyankha milandu m'malo moyenda.

Lachitatu: tikakusankhani simudzatigulitsa? Anthu aona oima paokha akusendera kumene kuli mphamvu atangolumbira. Pa mpando wa phungu, malamulo a 2016 amati woima payekha akalowa chipani mpando umatayika, koma anthu amadziwa kuti munthu angathe kugulika osatenga khadi. Apa mawu sathandiza kwambiri. Lonjezani chinthu chimene angathe kuchiyeza: msonkhano wa poyera miyezi itatu iliyonse m'chigawo chilichonse cha wodi, pamene mudzawerenge mapempho amene anapita, amene anavomerezedwa ndi amene anakanidwa. Tchulani malo ake ndi mwezi woyamba.

Kuyenda

Masankho aakulu amachitika Lachinayi lachiwiri la Ogasiti, choncho kampeni imagwa m'nyengo yokolola ndi kugulitsa. Kumidzi m'mawa anthu ali kumunda, kudimba kapena akutonola chimanga. Afikeni dzuwa litapendeka. M'tauni ndi mosiyana: amsika apezeni m'mamawa katundu asanachuluke makasitomala, anyamata a njinga pa malo awo oimikira masana.

Musalowe m'mudzi musanaonekere kwa a nyakwawa, ndipo kwa mfumu yaikulu pitani ndi munthu wodziwa mwambo wa pamenepo, pakuti kwa Angoni a Mpezeni ndi kwa Achewa a Gawa Undi kalonjeredwe sikafanana. Pitani kukapempha njira, osati kukapempha kuti akuuzireni anthu. Mfumu siyenera kukakamiza anthu ake pa voti, ndipo mukaiika pamalo otero mwaichititsa manyazi, mwadzipezeranso mlandu. Kutchalitchi chimodzimodzi: pempherani monga mwa masiku onse, guwa lisiyeni.

Misonkhano ikuluikulu ndi ya zipani, zili ndi magalimoto ndi oimba. Mphamvu yanu ndi khomo ndi khomo, ndi timisonkhano ta anthu 15 kapena 20. Pezani munthu mmodzi wodalirika pa mudzi uliwonse kapena chigawo chilichonse cha komboni, makamaka amayi a chilimba ndi a banki ya m'mudzi, amene amakumana sabata iliyonse ndipo amadziwana mitima. Mukafuna msonkhano wapoyera, tsatirani ndandanda ya kampeni imene opikisana amagwirizana ku boma ndipo dziwitsani apolisi nthawi ikadalipo. Ngati ndalama ilipo yochepa, mphindi zingapo pa Breeze FM kapena wailesi ina ya kuno, pa pulogalamu yoimbira foni, zimafika kutali kuposa zikwangwani 500. Facebook ndi WhatsApp zimagwira achinyamata a m'tauni, koma ambiri okonda zolemba zanu sanalembetse mu wodi yanu, musawawerengere m'kope.

Za ndalama tinene mosabisa. Anthu adzapempha: ya mchere, ya sopo, ya thiransipoti. Zipani zimagawa zitenje ndi malaya, ndipo simungapikisane nazo pa zimenezo. Kupereka ndalama kapena katundu kuti munthu akuvotereni ndi mlandu pansi pa Electoral Process Act ya 2016, ndipo kungagwetse chipambano chanu kukhoti. Kupatula lamulo, mukapatsa khumi mwakwiyitsa makumi asanu amene amva. Ndalama yanu yochepayo isungireni zinthu zitatu: mapepala ofanizira, mayendedwe a anthu anu, ndi tsiku lovota. Kwa amayi oima paokha pali mtolo wina, wa mawu onyoza okhudza banja ndi khalidwe. Musayende nokha, khalani ndi amayi achikulire olemekezeka pambali panu, ndipo zonyoza zoopsa kazinenereni ku komiti ija ndi kupolisi, pokhala ndi mboni.

Tsiku lovota ndi usiku wake

Kampeni imatha 18:00 dzulo lake. Malo ovotera amatsegulidwa 06:00 n'kutsekedwa 18:00, ndipo amene ali pamzere nthawiyo amaloledwa kuvota. Kukopa anthu pafupi ndi malo ovotera, mkati mwa mamita 400, n'koletsedwa. Uzani anthu anu asavale chilichonse cha chizindikiro chanu.

Amene mukuwafuna kwambiri tsikuli ndi ma ajenti. Woima payekha wopanda ajenti pa malo ena sadziwa chimene chachitika kumeneko, ndipo palibe chipani chomuuza. Lembetsani ma ajenti anu m'nthawi yake kuti alandire zowaloleza kulowa. Sankhani odziwa kuwerenga ndi kulemba, osamwa, osachita mantha pamaso pa anthu ovala bwino. Mavoti amawerengedwa pomwepo pamalo ovotera, ndipo a khansala nthawi zambiri amafikiridwa usiku kwambiri, anthu atatopa, kukuzizira monga kumachitira mu Ogasiti. Ajenti wanjala amachoka a pulezidenti akangotha, ndipo mapepala anu amawerengedwa iye kulibe. Mupatseni chakudya cha masana ndi cha usiku, juzi kapena bulangete, tochi, cholembera, foni yodzaza moto ndi mayunitsi.

Muphunzitseni zoyang'ana. Bokosi lionetsedwe lopanda kanthu lisanatsekedwe m'mawa, ndipo alembe manambala a zomatira. Powerenga aone pepala lililonse lokayikitsa: ngati cholinga cha wovota chikuoneka bwino, alankhule mwaulemu kuti lisakanidwe, ndipo akakana alembe. Pomaliza aone kuti manambala olembedwa pa fomu ya zotsatira, imene mu 2021 inkatchedwa GEN 20, ndi omwe analengezedwa, m'manambala ndi m'mawu, asaine, alandire kope lake, alijambule ndi foni n'kukutumizirani asanatuluke m'chipindamo. Inu kapena munthu wanu wamkulu mukhale kumalo ophatikizira zotsatira muli ndi makope onse, mukuphatikiza nokha pa pepala.

Zikasiyana, nenani pomwepo kwa returning officer zotsatira zisanalengezedwe, chifukwa kukonza cholakwa cha kuphatikiza n'kosavuta nthawi imeneyo. Zikalengezedwa, njira yotsala ndi dandaulo ku Local Government Elections Tribunal, limene liyenera kuperekedwa pasanathe masiku 14, ndipo wosakhutira ndi chigamulo amapita ku Constitutional Court. Kumeneko mphekesera sizigwira ntchito. Pamafunika mafomu osainidwa, mboni zoona ndi maso zotchula tsiku ndi malo, ndi umboni wakuti cholakwacho chinachitidwa ndi wopikisana nanu kapena ajenti wake ndipo chinali chachikulu moti chikanasintha chisankho cha anthu ambiri. Choncho kuyambira tsiku loyamba la kampeni munthu mmodzi wa gulu lanu akhale ndi kope lolembamo chilichonse chachilendo: deti, mudzi, amene analipo, ndi nambala ya galimoto ngati inalipo.